Lipedema: Miyendo Yonenepa Yowawa, Mapazi Ali Bwinobwino

Pali kaonekedwe ka thupi la mayi komwe ambirife tinakaonapo pamsika, kutchalitchi kapena m'banja mwathu momwe, koma sitinaganizepo kuti ndi matenda. Kumtunda thupi ndi lapakatikati: nkhope, mapewa ndi mimba palibe chachilendo. Kuyambira m'chiuno kutsika, zinthu zasinthiratu. Matako, ntchafu ndi akatumba zakula mosagwirizana ndi kumtundako, miyendo yonse iwiri mofanana, ndipo kunenepako kwathera pa akakolo penipeni, pamene mnofu wapanga mkombero. Phazi lili bwinobwino, nsapato ndi za saizi yomwe ankavala ali mtsikana. Mwana akamukhalira pamiyendo amamva kuwawa. Akagunda pang'ono pampando, mawa lake pali mkwingwirima waukulu, mwina osakumbukiranso pamene anagunda. Pofika madzulo miyendo yalemera moti kukwera kamtunda ndi ntchito.

Matendawa dzina lake ndi lipedema. Ndi vuto la mafuta a pansi pa khungu, limagwira akazi pafupifupi okhaokha, ndipo likayamba silichoka lokha. Madokotala awiri a ku Mayo Clinic ku America, Edgar Allen ndi Edgar Hines, ndi amene anayamba kulifotokoza mu 1940, ndipo mu 1951 iwo pamodzi ndi mnzawo Wold analemba za odwala 119. Komabe zinatenga zaka zoposa 80 kuti matendawa apatsidwe nambala yakeyake, EF02.2, m'kaundula wa matenda wa World Health Organization wotchedwa ICD-11, amene anayamba kugwira ntchito mu 2022. Izi zokha zikusonyeza chifukwa chake ogwira ntchito zachipatala ambiri, kuno ngakhale ku Ulaya, anamaliza maphunziro awo osamvako dzinali.

Kwathu kuno pali china chimene chimabisa vutoli. Mbina ndi miyendo yodzadza ndi zinthu zoyamikiridwa, ndipo chitenje chimaphimba mwendo mpaka kuakakolo. Mtsikana akangotha msinkhu ntchafu n'kuyamba kukula mofulumira, azakhali amangoti watengera agogo ake. Nthawi zambiri amakhala akunena zoona ndithu, chifukwa lipedema imayenda m'magazi, kuchokera kuchimuna kapena kuchikazi. Chimene sanafunse n'chakuti kodi agogowo miyendo inkawawawa kapena ayi. Mayi wa mbina ndi ntchafu zazikulu zosawawa sakudwala, ndi chibadwa chake basi, ndipo palibe chifukwa chomupezera matenda. Ululu ndiwo umasiyanitsa. Popanda kuwawa, kulemera kapena kumva kupweteka pokhudzidwa, madokotala ambiri masiku ano salemba kuti ndi lipedema.

Zimene zikuchitika pansi pa khungu

Pakati pa khungu ndi minofu pali mafuta amene aliyense ali nawo. Mwa mayi wa lipedema, maselo a mafutawa m'miyendo amakula ndiponso kuchuluka mopyola, ndipo pakati pawo pamamera ulusi wolimba wonga wa pachipsera. Ulusiwu umamanga mafuta m'timagulu, n'chifukwa chake mukapapasa ntchafu mumamva timibulu pansi pa khungu, ngati mukupapasa nyemba zili m'kathumba ka pulasitiki. Timitsempha tating'onoting'ono ta magazi m'mafutamo timakhala tosalimba, timaphulika ndi kugunda kochepa, ndiye gwero la mikwingwirima ija. Ofufuza akayang'ana mafutawa pa makina oonera tinthu ting'onoting'ono amapezamonso maselo ambiri a chitetezo cha m'thupi, chizindikiro chakuti mnofuwo uli ngati wovulala nthawi zonse, ndipo izi zikugwirizana ndi ululu umene odwala amadandaula.

Nthawi imene matendawa amayamba kapena kukula imaloza ku mahomoni achikazi, makamaka estrogen: pakutha msinkhu, pa nthawi ya pakati, ndi posiya kusamba. Amayi ena amaona kusintha atayamba njira yolera ya mahomoni. Apa pafunika kusamala, chifukwa kusiya kulera mwadzidzidzi kungabweretse pakati posakonzekera, pamene pakatiponso ndi imodzi mwa nthawi zimene lipedema imakula. Choyenera ndi kukakambirana ndi anamwino a zakulera. Lupu ya kopa, mwachitsanzo, ilibe mahomoni.

Za kuchuluka kwa odwala, chiwerengero chotchuka pa intaneti n'chakuti amayi 11 mwa 100 alionse ali nayo. Chinachokera ku kuyerekeza kwa madokotala a ku Germany, pomwe ofufuza ena ku Britain mu 2010 anayerekeza munthu mmodzi mwa 72,000. Kutalikirana kwa ziwerengero ziwirizi kukuonetsa mmene matendawa amasokonezedwera ndi ena.

Madokotala amagawa lipedema potengera pamene mafuta aunjikana. Mtundu woyamba ndi matako ndi m'chiuno, wachiwiri umafika m'mawondo, wachitatu umafika mu akakolo, wachinayi ndi mikono, ndipo wachisanu, umene suonekaoneka, ndi akatumba okha. Mikono ikagwidwa, manja amatsala bwinobwino monga amachitira mapazi. Amagawanso potengera maonekedwe a khungu: pa siteji 1 khungu ndi losalala ngakhale mafuta achindikala, pa siteji 2 lili ndi maenjemaenje ndi timibulu tomveka bwino, pa siteji 3 pali zigamphu zazikulu za mnofu zolendewera mkati mwa ntchafu ndi m'mbali mwa mawondo. Masitejiwa asakusokonezeni. Amangofotokoza maonekedwe, sayeza ululu. Mayi wa siteji 1 akhoza kumavutika koposa wa siteji 3, ndipo si onse amene amachoka pa siteji ina kupita pa ina. Chimene chimakankhira matendawa patsogolo kwambiri ndi kuwonjezera kulemera kwa thupi lonse.

Kusiyanitsa ndi matenda ena otupitsa miyendo

Palibe kuyeza magazi kapena sikani imene imatsimikiza lipedema. Dokotala amadalira mbiri ya wodwala, maso ndi manja ake. Mwayi wake ndi wakuti njira zitatu zofunika kwambiri sizilira chipangizo chilichonse.

Yoyamba ndi kutsina khungu la pamwamba pa phazi, patsinde pa chala chachiwiri, chotsatira chala chachikulu. Ngati khungulo likutsinika n'kunyamuka, mitsempha ya lymph, imene imachotsa madzi otsalira m'minofu, nthawi zambiri imakhala ikugwira bwino ntchito, ndipo umu ndi mmene zimakhalira pa lipedema. Ngati khungulo lachindikala moti silikutsinika, vuto ndi lymphoedema, kutupa kobwera chifukwa mitsempha ya lymph yatsekeka kapena yawonongeka. Njirayi anaifotokoza ndi dokotala Robert Stemmer mu 1976 ndipo imadziwika ndi dzina lake.

Yachiwiri ndi kudina ndi chala chachikulu pamsongolo, pang'ono pamwamba pa kakolo, kwa masekondi 10 kapena kuposa. Pakatsala dzenje ndiye kuti m'mwendomo muli madzi. Mafuta a lipedema sasiya dzenje, kapena amasiya losaoneka bwino, koma wodwala amadzuma ndi ululu. Yachitatu ndi kutsina pang'ono mnofu wa kunja kwa ntchafu kenaka wa pamimba kapena kumsana, ndi mphamvu yofanana. Pa lipedema wa pantchafu umawawa kwambiri kuposa winawo. Pa kunenepa wamba palibe kusiyana.

Onjezanipo funso la m'mawa. Mwendo wodzadza madzi umaphwa munthu akagona usiku wonse kapena akauika pamwamba. Mwendo wa lipedema umadzuka uli chimodzimodzi, kungopepukako pang'ono.

M'Malawi muno kusiyanitsa ndi lymphoedema n'kofunika kwambiri chifukwa tili ndi zifukwa zathuzathu zimene zimaibweretsa. Filariasis, matenda a tinyongolotsi tofalitsidwa ndi udzudzu, inali yofala m'chigwa cha Shire ndi ku Karonga. Mu 2020 World Health Organization inatsimikiza kuti Malawi wathana nayo ngati vuto la dziko, koma anthu amene mitsempha yawo inawonongeka kale akadali nayo miyendo yotupa ku Chikwawa, Nsanje ndi madera ena. Kutupa kwawo kumayambira kuphazi kukwera, kawirikawiri mwendo umodzi umaposa unzake, zala zimachindikala, khungu limakhakhala, ndipo kumagwira amuna ndi akazi omwe. Khansa ya Kaposi sarcoma, imene imapezeka kwambiri mwa anthu amene ali ndi HIV, imatupitsanso mwendo n'kuulimbitsa, ndipo pamakhala zigamba kapena zotupa zakuda pakhungu. Lipedema imachita mosiyana: imayambira m'chiuno kutsika, miyendo yonse mofanana, n'kulisiya phazi.

Miyendo yonse iwiri yotupa pamodzi ndi mapazi, yosiya dzenje, imaloza kwina: mtima wofooka, impso, chiwindi, mitsempha yobweza magazi yotopa, kapena mankhwala. Amlodipine, amene anthu ambiri a BP amamwa, amadziwika ndi kutupitsa akakolo. N'chifukwa chake ngakhale zizindikiro za lipedema zitaoneka poyera, ndi bwino kuyezetsa BP, shuga, mkodzo, impso ndi kuchuluka kwa magazi, ndiponso chithokomiro kumene zingatheke. Mikwingwirima ikamabwera ndi kutuluka magazi m'nkhama kapena m'mphuno, si ya lipedema, ikufunika kuyezetsa msanga.

Pali zizindikiro zina zosafunika kudikira ngakhale kwa mayi amene akudziwa kale kuti ali ndi lipedema. Mwendo umodzi kutupa mwadzidzidzi, kutentha ndi kuwawa kukatumba kungakhale magazi oundana mumtsempha, makamaka atangobereka, atachitidwa opaleshoni kapena atayenda ulendo wautali pa basi. Kubanika kukawonjezerapo ndiye kuthamangira kuchipatala nthawi yomweyo. Khungu lofiira, lotentha, pamodzi ndi kutentha thupi ndi kunjenjemera ndi matenda a mabakiteriya ofunika mankhwala tsiku lomwelo. Mayi woyembekezera akatupa nkhope ndi manja, mutu n'kumawawa, vuto ndi BP ya pakati, osati mafuta.

Sikelo imanama

Kuchipatala kunenepa amakuyeza ndi BMI, kugawa kulemera ndi msinkhu wochulukitsidwa ndi msinkhu womwewo. Tengani mayi wamtali mamita 1.60 wolemera makilogalamu 90. BMI yake ndi 35, imene pa tchati ndi kunenepa koopsa. Koma mukamuyeza m'mimba, pakati pa nthiti yomaliza ndi fupa la m'chiuno, n'kupeza masentimita 78, kenaka n'kugawa ndi msinkhu wake wa masentimita 160, yankho ndi 0.49. Chilichonse chosafika 0.5 chimasonyeza kuti mafuta a m'mimba, amene amabweretsa shuga ndi matenda a mtima, sanachuluke. Kulemera kwa mayiyu kuli m'miyendo. Kumuuza kuti angochepetsa nsima ndi kumupatsa theka la yankho, ndipo akabwerera patatha miyezi itatu nkhope yaguga, mabere aphwa, miyendo ili pomwepo, amaoneka ngati sanamvere malangizo.

Mbali inayo nayo ndi yoona, ndipo masamba ambiri a pa intaneti amaizemba. Amayi ambiri a lipedema alinso ndi kunenepa wamba pamwamba pake, ndipo gawo limenelo limamvera kadyedwe. Munthu akatsitsa kulemera, miyendo nayo imaphwako, ululu umachepa mwa ambiri, mawondo amapuma. Chimene sichisintha ndi kusagwirizana kwa kumtunda ndi kumunsi. Mawu akuti mafuta a lipedema sasunthika ngakhale pang'ono apangitsa amayi ena kutaya mtima n'kusiyiratu kusamala, ndipo kulemera kukakwera kwambiri mitsempha ya lymph imalephera, madzi amayamba kudzadza, phazi nalo limatupa. Apo matenda akhala awiri m'mwendo umodzi, ndipo kuwasamalira n'kovuta kuposa poyamba.

Njira yabwino yotsatira mmene zinthu zikuyendera ndi tepi ya telala. Kamodzi pamwezi, m'mawa musanayendeyende, mutaimirira, yezani malo asanu ndi limodzi: pamwamba pa kakolo pamene mwendo wachepa kwambiri, pakati pa katumba pamene wakula kwambiri, pabondo, pantchafu masentimita 15 kuchokera pamwamba pa bondo, pamatako ndi m'mimba. Miyendo yonse iwiri, tepi yongokhudza khungu osafinya. Lembani pambali pake ululu wa sabata imeneyo pa mlingo wa 0 mpaka 10. Tsamba limeneli, pamodzi ndi msinkhu umene miyendo inayamba kukula ndi mayina a achibale amene ali ndi miyendo yotere, limathandiza dokotala kuposa kufotokoza kwa pakamwa pamzere wautali. Pemphani kuti zimene wapeza azilembe m'buku lanu la kuchipatala, kuti wina wotsatira asayambirenso pachiyambi.

Mapiritsi okodzetsa

Cholakwika chofala kwambiri ndi kupereka furosemide, amene ambiri amamudziwa kuti Lasix, kwa mayi aliyense wa miyendo ikuluikulu. Ena amagula okha. Mankhwalawa amakakamiza impso kutulutsa madzi ndi mchere m'magazi, ndipo ndi opulumutsa moyo kwa wodwala mtima. Koma m'mwendo wa lipedema mulibe madzi oti atuluke, muli mafuta. Sikelo imatsika ndi kilogalamu imodzi kapena awiri m'masiku oyamba chifukwa thupi lauma, munthu n'kuganiza kuti mankhwala agwira. Chotsatira ndi chizungulire, kukokana kwa minofu, kuchepa kwa mchere wa potassium m'magazi kumene kungasokoneze kugunda kwa mtima, ndi kutopetsa impso. Akasiya, thupi limasunga madzi mobwezera kwa masiku angapo, akakolo amatupadi, ndipo munthu amabwerera ku mapiritsi akukhulupirira kuti sangakhale popanda iwo. Amene wawamwa nthawi yaitali asiye mothandizidwa ndi dokotala. Matiyi ochepetsa thupi ogulitsidwa pa WhatsApp ndi Facebook ambiri amagwira ntchito mofananamo, pokodzetsa kapena potsegula m'mimba. Kutema mphini pamwendo wotere nako kumangotsegulira mabakiteriya khomo pakhungu.

Zovala zothina zachipatala

Thandizo limene limachepetsa ululu mwa amayi ambiri ndi chovala chothina chachipatala. Sichisungunula mafuta ndipo sichichepetsa mwendo mpaka kalekale. Ntchito yake ndi kugwira mnofu kuti usagwedezeke poyenda, kuchepetsa kulemera kwa madzulo, ndi kuthandiza magazi ndi lymph kubwerera kumtunda.

Pali mitundu iwiri ya kalukidwe. Zolukidwa mozungulira zilibe msoko, n'zopyapyala, zimatanuka kwambiri, ndipo ndi zimene zimapezeka m'mafamase ambiri. Zimakwanira mwendo wowongoka wa siteji 1. Pa mwendo wa makwinya akuya zimalowa m'makwinyamo n'kumanga ngati chingwe, makamaka kuseri kwa bondo ndi pa mkombero wa pakakolo. Zolukidwa mwathyathyathya zili ndi msoko kumbuyo, n'zochindikala ndi zolimba, zimadutsa pamwamba pa makwinya osalowamo, ndipo zimasokedwa potengera miyezo ya munthu mwini. Izi ndi zimene zimayenera pa siteji 2 ndi 3, kungoti n'zodula ndipo nthawi zambiri zimachita kuitanitsidwa kunja.

Mphamvu ya kuthina imayezedwa mu mmHg, muyezo womwewo wa BP. Pa kagawidwe ka ku Germany, kalasi 1 ndi 18 mpaka 21, kalasi 2 ndi 23 mpaka 32. Ambiri amapatsidwa kalasi 2, koma amene miyendo imawawa kwambiri ndi bwino ayambire kalasi 1, maola ochepa patsiku, n'kumawonjezera. Chovala chofooka chimene chikuvalidwa tsiku lililonse chimathandiza kuposa champhamvu chimene chili m'sutikesi. Kutalika kwake kutsatire pamene pali matenda. Sokosi yothera pabondo pa mayi wa ntchafu zazikulu imangokankhira mnofu pamwamba pa bondo n'kupanga chotupa chatsopano, choncho amayi ambiri amafunika chofika m'chiuno. Popeza phazi lilibe vuto, chovala chothera pakakolo chimatheka, koma phazi likayamba kutupa pafunika chophimba ndi phazi lomwe.

Miyezo itengedwe m'mawa. Kuvala nakonso ndi m'mawa, khungu litauma, musanadzole mafuta. Tembenuzani chovalacho mpaka pachidendene, lowetsani phazi, kenaka kwezani pang'onopang'ono masentimita ochepa nthawi imodzi, osati kukoka kuchokera pamwamba. Magolovesi a labala ochapira mbale amathandiza kugwira nsalu ndi kusalaza makwinya, komanso amateteza ku zikhadabo. Musapinde m'mphepete mwa pamwamba, chifukwa popindapo kuthina kumawirikiza. Usiku vulani. Chapani ndi sopo wofatsa tsiku lililonse kapena pakadutsa tsiku limodzi, pakuti thukuta limafooketsa ulusi pomwe kuchapa kumaubwezeretsa m'malo, ndipo yanikani pamthunzi, osasita. Pakatha miyezi isanu ndi umodzi mphamvu imakhala itatha ngakhale nsalu ikuoneka yabwino. Zala za kuphazi zikachita dzanzi, kuzizira kapena kusintha mtundu, vulani nthawi yomweyo.

Si aliyense angavale. Amene mitsempha yobweretsa magazi kumapazi inaphinjika, amene mtima wafooka kwambiri, ndi wodwala shuga amene mapazi sakumvanso kukhudza ayenera kuyezedwa kaye. Kwa amene sangapeze chovala chachipatala, kabudula wamtali wothina wochitira masewera amathandizako ndithu, bola asakhale ndi lamba wodula mnofu kumapeto. Wa pa kaunjika muyambe mwamukoka kuona ngati akubwerera msanga, ambiri amakhala atatha mphamvu. Bandeji yomanga nokha ndi yoopsa kuposa mmene imaonekera: imathina pena n'kumasuka pena, imatsetsereka, ndipo pamene yaunjikana imadula. M'miyezi yotentha ya October ndi November kuvala tsiku lonse kumavuta, ndiye sankhani maola amene mumaima kapena kuyenda kwambiri.

Kusisita kwapadera kotchedwa manual lymph drainage, kumene Emil Vodder anayambitsa m'zaka za m'ma 1930, kwakhala kukuperekedwa kwa odwala lipedema kwa nthawi yaitali. Ndi kusisita kopepuka kongosuntha khungu, kuyambira kumtunda. Malangizo a madokotala a ku Germany a 2024 amanena kuti lipedema payokha si matenda a madzi, choncho kusisitaku sikungaphwetse mwendo, ngakhale ena kumawachepetsera ululu kwa kanthawi. Kusisita kwamphamvu kofuna kuphwanya timibulu kumangosiya mikwingwirima.

Kuyenda, madzi ndi chakudya

Minofu ya katumba ikamagwira ntchito imapopa magazi ndi lymph kukwera. Kuyenda mwandawala mphindi 30 masiku ambiri pa sabata, mutavala chothina chija, ndi poyambira pabwino. Njinga ndi yabwinonso chifukwa siilemetsa mawondo. Kudumpha chingwe ndi kuthamanga pamsewu wa tala kumagwedeza mnofu wowawa ndi kupweteka mawondo, amene mwa amayi ambiri a lipedema amakhala atapindikira kale mkati chifukwa mafuta a pakati pa ntchafu amakankha miyendo kuti itang'adze. Ambiri alinso ndi mfundo zofewa zopindika mopyola, ndiye nsapato yolimba yogwira phazi imathandiza kuposa patapata.

Masewera a m'madzi amaposa onsewa. Pa kuya kwa mita imodzi madzi amafinya mwendo ndi mphamvu pafupifupi 74 mmHg, kuposa kawiri chovala cha kalasi 2, ndipo kufinyako kumachepa pokwera kumtunda monga momwe chovala chabwino chimachitira, uku thupi litapepuka. Sipafunika kudziwa kusambira: kuyenda m'madzi ofika pachifuwa mphindi 20 mpaka 30 n'kokwanira. Kwa a m'mbali mwa nyanja ya Malawi chenjezo ndi likodzo, makamaka m'madzi odekha a udzu ndi nkhono. Amene amalowa m'nyanja kawirikawiri aziyezetsa ndi kulandira praziquantel kuchipatala.

Pa chakudya, palibe chimene chimachiza lipedema. Umboni wabwinoko ndi wochokera ku Norway, kumene mu 2024 ofufuza anafalitsa zotsatira za amayi 70 a lipedema ndi kunenepa. Kwa masabata 8 onse anadya chakudya chochepa mphamvu mofanana, koma gulu lina linachepetsa zakudya zokhala ndi sitachi ndi shuga, lina linachepetsa mafuta. Ululu unatsika kwambiri m'gulu loyambalo. Pa mbale ya kwathu izi zikutanthauza kuchepetsa mitanda ya nsima ndi kuchulukitsa ndiwo: usipa, matemba, mazira, nyemba, nkhwani kapena bonongwe wotendera nsinjiro, therere, mapeyala. Mgaiwa umakhutitsa nthawi yaitali kuposa ufa woyera. Zofunika kudula poyamba ndi shuga wa mu tiyi, zakumwa za m'mabotolo, thobwa wothira shuga wambiri ndi mandasi. Amene akumwa mankhwala a shuga asadule sitachi mwadzidzidzi osauza dokotala, shuga angatsike mopyola.

Chofunika kupewa ndi kudzimana koopsa. Mtsikana amene akunyozedwa miyendo kusukulu amayamba kudumpha chakudya, amaonda kumtunda, miyendo osasintha, iye n'kuwonjezera kudzimana. Njala ikamugonjetsa kulemera kumabwerera, ndipo kochuluka kumakakhala m'miyendo momwemo. Matenda a maganizo ndi kusokonekera kwa kadyedwe n'zofala pakati pa odwala lipedema, ndipo ululu umakula munthu akakhala ndi nkhawa kapena sakugona. Kumuuza mtsikana wotere kuti vuto lake lili ndi dzina, ndipo silinabwere chifukwa cha dyera, ndi gawo la chithandizo.

Khungu lisaiwalike. Pakati pa ntchafu pamakhulana mpaka kusupuka, ndipo m'makwinya mumasunga chinyezi chimene chimabweretsa mafangasi. Sambani ndi kupukuta m'makwinya monse, pakati pa zala za kuphazi pomwe, dzolani mafuta usiku mutavula chothina, ndipo valani kabudula wa thonje mkati mwa chitenje kapena siketi. Ming'alu ya kuchidendene ndi zilonda za pakati pa zala zichizidwe msanga, pakuti mabakiteriya amalowera pamenepo.

Opaleshoni yopopa mafuta

Njira yokhayo yochotsera mafuta a lipedema ndi liposuction. Dokotala amathira m'mafutamo malita angapo a madzi a mchere osakaniza ndi lidocaine wochititsa dzanzi ndi adrenaline wochepetsa kutaya magazi, njira imene Jeffrey Klein anaifotokoza mu 1987. Ena amagwiritsa ntchito kamtsinje ka madzi kothyola mafuta. Kenaka amapopa ndi kachubu kachitsulo kosathwa kunsonga, kakuyendetsedwa motsata kutalika kwa mwendo, osati mopingasa, kuti mitsempha ya lymph isadulidwe. Apa ndi pamene opaleshoni ya lipedema imasiyana ndi yongokongoletsa thupi, ndipo dokotala wosazolowera matendawa akhoza kusiya mayi ndi lymphoedema imene analibe. Miyendo yonse sichitidwa tsiku limodzi. Kawirikawiri pamafunika maulendo awiri mpaka anayi, motalikirana masabata kapena miyezi.

Mayiko sanagwirizane za njirayi. Ku Britain bungwe lounika njira zachipatala la NICE linanena mu 2022 kuti ichitike pa kafukufuku pokha, chifukwa umboni wa chitetezo ndi phindu lake unali wosakwanira. Ku Germany inshulansi ya boma inayamba kulipirira odwala a siteji 3 kuyambira 2020, ndipo kafukufuku wamkulu wotchedwa LIPLEG atasonyeza kuti opaleshoni imachepetsa ululu kuposa chisamaliro cha zovala ndi masewera chokha, mu 2025 anavomereza masiteji onse. Malamulo awo ndi othandiza kwa aliyense amene akuganiza zokachitidwa ku South Africa, India kapena kwina: munthu ayambe wayesa chisamaliro chosadula kwa miyezi isanu ndi umodzi, kunenepa wamba kuyambe kwasamalidwa, ndipo akapopa mafuta oposa malita 3 nthawi imodzi wodwala ayang'aniridwe maola osachepera 12.

Zoopsa zake ndi kutaya magazi mpaka kuchepa, magazi kuundana m'mitsempha, mafuta kulowa m'magazi n'kukatseka m'mapapo, lidocaine kuchuluka m'thupi, mabala kulowa mabakiteriya, dzanzi lokhalitsa ndi khungu lolendewera. Amene wayenda ulendo wa pandege afunse dokotala masiku oyenera kudikira asanabwerere, chifukwa kukhala pampando maola ambiri atangochitidwa opaleshoni kumawonjezera ngozi ya magazi oundana. Afunsenso amene adzamuone kuno bala likavuta. Chovala chothina chimavalidwa usana ndi usiku m'masabata oyamba, kutupa kwa opaleshoni kumatenga miyezi kuti kuthe, ndipo maonekedwe enieni a mwendo amadziwika pakatha miyezi isanu ndi umodzi mpaka chaka. Maselo opopedwa sabwerera, koma otsala amakula munthu akanenepa kapena akatenga pakati, ndipo ena mwa amayi ochitidwa opaleshoni amapitiriza kuvala zothina, kungoti za mphamvu yocheperapo kapena masiku ochepa pa sabata.